PHUNZIRO LA MWEZI UNO: MPAMBA WA AMAI NDIWO MBEU YA BANJA

Abale ndi alongo a m'midzi yozungulira Ludzi, mwezi uno tiphunzira pamodzi za malonda ang'ono a amai, ndi za cimene banja liyenera kucita kuti malondawo adzukenso atagwetsedwa ndi mliri. Mutu wa phunziro lonse ndi uwu: mpamba wa mai uli ngati mbeu. Mlimi ali yense adziwa kuti cimanga ca mbeu acipacika kudenga pamwamba pa moto, kuti utsi uingitse anankafumbwe. Ndipo ingakhale njala ilowe m'nyumba mwezi wa February, munthu wanzeru sacikazinga. Koma mbeuyo siisungika ndi munthu mmodzi. Onse a m'nyumba adziwa pamene ipacikidwa, ndipo ali yense wa iwo akhoza kuitsitsa. Ikafika nthawi yobzala iri yamphumphu, ndiye kuti onse anagwirizana kuileka.

1. Cimene mliri unacita

Makolo athu anasimba za fuluwenza imene inalowa m'dziko muno pakutha pa nkhondo yaikuru yoyamba, caka ca 1918, nipha anthu ambiri m'midzi. Ife a mbadwo uno tinaona mliri wathu, ndiwo Covid-19. Pa 20 March 2020 Boma linalengeza kuti dziko liri pa ngozi. Pa 23 March masukulu onse anatsekedwa. Ndipo pa 2 April odwala oyamba atatu anapezeka ku Lilongwe. Boma linafuna kuti anthu abindikire m'nyumba masiku 21 kuyambira pa 18 April, koma Bwalo Lalikuru la Milandu linaletsa, popeza panalibe cokonzera aumphawi amene adya cimene acipeza tsiku lomwelo. Nthendayo inakula koposa mu January 2021, pamene nduna ziwiri za Boma, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi. Katemera anafika mu March 2021, ndipo mu May 2023 bungwe loyang'anira za umoyo pa dziko lonse linanena kuti ngozi yaikuru yapita.

M'midzi yathu mliri unagunda nyumba zambiri zimene nthenda siinalowemo. Mai wogulitsa zitumbuwa ndi mandasi pa cipata ca sukulu anasowa omgula, pakuti ana anali kunyumba kufikira September ndi October. Wophika mowa ndi thobwa anasowa makamu, pakuti misonkhano ndi maukwati zinacepetsedwa. Wopita ku Chipata kukatenga katundu anapeza ulendo utabvuta, pakuti pa malire anafuna kalata yosonyeza kuti munthu wayezedwa, ndipo kalatayo inali ya ndarama zambiri kwa munthu wa mpamba waung'ono. Nthawi yomweyo ana athu a ku Joni anacotsedwa nchito naleka kutumiza thandizo, ena nabwera pa mabasi manja ali m'khosi.

Tsono m'nyumba zambiri ndarama yotsala inali ija yomangidwa pa mfundo ya citenje ca amai. Inagula ufa, sopo ndi mankhwala, kufikira inatha. Sitiwadzudzula amaiwo, pakuti anadyetsa ana athu ndi mbeu yao. Pambuyo pace kwaca inagwetsedwa mphamvu kawiri, ndi 25 pa 100 mu May 2022, ndi 44 pa 100 mu November 2023. Cotero ngakhale iye amene anatsala ndi kandarama anapeza kuti sikadzazanso dengu limene kanadzaza kale. Popeza banja lonse linadya mbeuyo, banja lonse liri ndi mangawa a kuibweza.

2. Mpamba ndi phindu ziri zinthu ziwiri

Anthu ambiri ayesa kuti malonda afera pa msika. Ife tiona kuti kawiri kawiri afera pakhomo. Tiyerekeze cotere. Mai ali ndi K40,000. Apita kudimba nagula matimati, nakawagulitsa ku Kamwendo, napeza K50,000 pa mlungu. Mpamba wace ndiwo K40,000, phindu lace ndilo K10,000. Ndipo m'phindumo ayenera kucotsamo ya ciphaso ca msika ndi ya wa kabaza. Madzulo afika kunyumba. Bambo atenga K5,000 nati, ndibweza mawa. Mlamu abwereka K10,000 ya bvuto lace. Kwagwa maliro kucimuna, ndipo acotsa K5,000 ina. Palibe mmodzi wa iwo amene aganiza kuti waba, pakuti ali yense watengako pang'ono pokha. Koma maiyo abwerera kudimba ndi K30,000, imene ibala K37,500. Zikacitikanso zomwezo atsala ndi K17,500. Ndipo pakutha pa mlungu wacitatu satsala ndi ndarama yokwana K2,000. Pamenepo omwe aja anatengako ndiwo ayamba kunena kuti mai uyu sadziwa malonda.

Cifukwa cace lamulo loyamba la banja likhale ili: tidye phindu, tileke mpamba. Mwamuna ndi mkazi akhale pansi nachule mpamba ndi dzina lace ndi ciwerengo cace, kuti onse audziwe. Mwana wa sukulu akhale ndi kope lolembamo zogula ndi zogulitsa tsiku ndi tsiku, pakuti cimene cilembedwa sicibvuta kuciteteza. Ndipo mbale akadza kudzabwereka, amyankhe ndi bambo, osati mai yekha. Tidziwa kuti nkobvuta kwa mtengwa kukaniza apongozi kapena alamu ace. Koma mwamuna akhoza kunena kwa abale ace mwaulemu kuti, ndarama iyo ndi mbeu, siituruka.

3. Za banki m'khonde

Amai ambiri anayambanso malonda ndi ngongole ya banki m'khonde. Njira imeneyi inayamba m'dziko la Niger caka ca 1991 ndi bungwe la CARE, nifalikira m'maiko ambiri kufikira kuno. Kayendetsedwe kace nkodziwika. Anthu 15 kapena 25 odziwana asonkhana mlungu ndi mlungu, ali yense nagula masheya monga akhoza. Ndarama zisungidwa m'bokosi la maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu osiyana, kuti lisatsegulidwe popanda gulu. Wobwereka abweza ndi ciongoladzanja pa miyezi yowerengeka, ndipo pakutha pa caka agawana zonse monga mwa masheya a munthu ali yense. Pambali pace asonkha kathumba ka maliro ndi matenda.

Cinthu ici ncabwino, koma banja likhoza kucisandutsa msampha. Taonani mwamuna amene atuma mkazi wace kuti akambwerekere, iye nagula nazo foni kapena mowa. Tsiku lobweza likafika, dzina lolembedwa m'buku ndi la mkazi. Gulu lidza kudzatenga mbuzi, ndowa ndi mapoto, nthawi zina ndi malata omwe; wocita manyazi pamaso pa anzace ndi mkazi yemweyo. Ena pothawa manyaziwo akatenga katapila kuti atseke ngongole yoyamba, nalowa m'dzenje lakuya koposa.

Potero tinena kuti ngongole iri yonse idziwike kwa onse awiri isanatengedwe, ndipo ipite ku cinthu cobala: katundu wogulitsa, mbeu, feteleza, nkhuku, mwana wa nkhumba. Mwamuna akafuna ngongole ya iye mwini, alowe gulu nalembetse dzina lace. Tsiku la msonkhano wa gulu mai asaletsedwe kupita, pakuti wojomba alipitsidwa. Ndipo ndarama zogawana zikafika, apatule poyamba ya mpamba, asanayambe kuwerenga za Khirisimasi.

4. Thandizo la manja

Thandizo la banja siliri la ndarama yokha. Mai wa kumudzi adzuka kusanace, natunga madzi, nasesa, naphikira ana, napita kumunda, nabwera ndi nkhuni pamutu. Malonda awacita ndi nthawi yotsala, ndipo nthawi yotsalayo njocepa. Tikafuna kuti malonda ace akule, tiyenera kumcotsera katundu wina.

Boma lomwe lizindikira kuti umphawi waukuru uli m'nyumba yosowa manja. Thandizo la Mtukula Pakhomo, limene tsopano lifika m'maboma onse, linayambira kuno ku Mchinji caka ca 2006. Ndipo posankha olandira, afuna nyumba zosaukitsitsa zimene ziribe munthu wamphamvu wogwira nchito, zambiri za izo zosungidwa ndi agogo akazi ndi amai amasiye. Ofufuza amene anatsata mabanja oyambawo anapeza kuti anagula cakudya, nkhuku ndi mbuzi, natumiza ana ku sukulu. Ngati kandarama kocepa kanatero m'nyumba zopanda manja, nanga m'nyumba zathu zimene muli mwamuna wamphamvu ndi anyamata a msinkhu?

Titenge citsanzo ca mtedza, mbeu imene dziko lathu la Mchinji lichuka nayo. Kuyambira kale mtedza uyesedwa mbeu ya amai, ndipo nchito zace zowawa, kuthothola, kuswa ndi kusankha, zigwera iwo. Mai akatsala yekha ndi matumba ambiri, zala zituruka matuza. Pamenepo awaza madzi pa makoko kuti afewe. Madziwo ndiwo aitana cuku. Cuku ciri ndi ululu wosaoneka ndi maso, umene uononga ciwindi ndi kupinimbiritsa ana, ndipo sucoka ndi kukazinga kapena kuphika. Ndico cimodzi ca zimene zinatsekera mtedza wa dziko lino misika ya ku Ulaya. Ndipo alimi a bungwe la MASFA kuno ku Mchinji, a m'gulu la NASFAM, pamene anayamba kutumiza mtedza ku Britain m'zaka za m'ma 2000, anayenera kuuyeza ndi kuusankha mosamala kuti ulandiridwe. Onani tsono: bambo ndi anyamata akakhala pamphasa madzulo naswa nao mtedza uli wouma, safunikanso madzi, mtedza ukhala woyera, ana adya nsinjiro zabwino, ndipo wogula wosamala saukana. Cala cimodzi siciswa nsabwe.

Koma pali cinthu cina cimene tiyenera kucinena poyera. M'nyumba zina mtedza ukhala wa amai pamene uli m'munda, nukhala wa abambo pamene uli pa sikelo. Mwamuna aukweza pa njinga napita nao yekha kwa mavenda, ndipo mkazi angomva mtengo m'mau. Cimeneci cifoola mtima koposa matuza. Amene anathothola akhalepo poyeza, aone sikelo ndi maso ace, ndipo gawo lace alilandire m'dzanja lace.

Anyamata athunso aphunzire kuti kutunga madzi pa njinga, kuwaza nkhuni ndi kutereka mphika sikucotsa umuna. Ndipo agogo amene asunga mwana wamng'ono tsiku la msika acita nchito yaikuru. Pobwera ku msika tisawaiwale ndi kasopo ndi kamcere.

5. Munda ndi ulendo

Mai afunika malo ace eni eni, pamene cimene abzala adziwa kuti adzakolola ndiye. Kuno tiri ndi miyambo iwiri. Pa cikamwini ca Acewa munda uli wa mbumba, ndipo mwamuna alima kwao kwa mkazi. Pa citengwa, ndi pakati pa Angoni olowola, mkazi alima kwao kwa mwamuna. Mwambo uli wonse uli ndi bvuto lace. Mkamwini wina akana kuthandiza dimba la mkazi wace nati, ndidzapita ine, ndilimbikirenji pa nthaka ya eni? Mtengwa wina aopa kubzala nthoci kapena kumanga khola, poganiza kuti tsiku lina adzamuuza kuti si kwanu kuno. Onse awiri aiwala kuti adzadya ndi ana ao omwe. Atsibweni ndi ankhoswe, amene mau ao amveka pa nkhani za minda, aonetsetse kuti mlongo wao kapena mtengwa wao wapatsidwa ndime kapena kadimba kodziwika malire ace, pamaso pa a mfumu, kuti pasadzakhale mkangano.

Za ulendo, ife a m'malire tiri ndi mwai umene ena alibe. Pa 7 December 2022 a Lazarus Chakwera ndi a Hakainde Hichilema anatsegula cipata catsopano ca Mchinji ndi Mwami, pamene woyenda aima kamodzi kokha m'malo mwa kawiri. Ndiponso maiko a m'bungwe la COMESA anakonza njira yapafupi ya amalonda ang'ono: munthu wa katundu wosaposa madola 2,000 a ku America, wopangidwa kapena wolimidwa m'maiko awiriwa ndi wolembedwa pa mndandanda umene anagwirizana, adutsa ndi zikalata zocepa, osalipira msonkho wa kasitomu, ingakhale zolipira zina zikhalapo. Amai ambiri sadziwa zimenezi, cotero adzera njira za m'thengo usiku, kumene alandidwa katundu ndi kucitidwa cipongwe. Mwana wophunzira apite ndi mai wace pa cipata, akafunse bwino za mndandandawo, namwerengere.

Cotsekereza cina cikhala m'mtima wa mwamuna, ndico nsanje. Ati, mkazi woyenda malonda saugwira mtima, ndipo mkazi wa ndarama acita mwano. Abale, akuru anati madzi apita kumene kuli khwawa. Ulemu nao upita kumene kuli ulemu. Mkazi amene mwamuna wace amperekeza mbandakuca ndi katundu pa njinga kufikira pa mseu, namcingamira madzulo, alibe cifukwa cobisa ndarama. Wobisa ndiye uja amene adziwa kuti akaonetsa alandidwa kapena amenyedwa. Kumenya mkazi ndi mlandu pamaso pa lamulo la dziko, ndipo ankhoswe asauphimbe. Amai naonso, malonda akayenda, asunge ulemu wa pa banja, nanene zoona za cimene apeza. Pakuti kukhulupirirana kumangidwa ndi anthu awiri.

6. Mwana wamkazi ndi mai wamasiye

Pali anthu awiri amene banja liwaiwala msanga. Woyamba ndiye mwana wamkazi. Masukulu ali citsekere caka ca 2020, kafukufuku wa Boma anapeza kuti atsikana oposa 40,000 anatenga pakati, ndi kuti panacitika maukwati a ana pafupifupi 13,000 m'dziko muno. Ambiri a iwo tsopano ali amai ang'ono m'midzi yathu, opanda sukulu ndi opanda mpamba. Lamulo lalikuru la dziko, monga linakonzedwa mu 2017, sililola ukwati wa munthu wosafika zaka 18. Ndipo malamulo a sukulu alola mtsikana kubwerera m'kalasi atabereka. Amene afuna kubwerera, agogo amsungire mwana. Amene msinkhu wapitirira, amai ace amlowetse m'malonda ao, nampatulire kampamba kace.

Ndipo ticenjere kuti pothandiza mai tisagwetse mwana wace. Nkwapafupi kunena kuti, mai ako apita ku msika, iwe ujombe ulere mwana. Tikatero tadya mbeu ya caka ca mawa kuti tipulumutse ya caka cino. Kuno ku Ludzi tiri ndi sukulu ya sekondale ya atsikana ndi cipatala pafupi. Ana athu aona ndi maso ao aphunzitsi ndi anamwino acikazi. Phindu la matimati ndi mtedza likhale lowafikitsa kumeneko.

Waciwiri ndiye mai wamasiye. Mliri unasiya amasiye, ndipo matenda ena awasiyabe. Lamulo la za cuma ca masiye la caka ca 2011 liika mkazi ndi ana patsogolo pa olandira, ndipo kulanda cuma ca masiye liuyesa mlandu. Njinga, makina osokera, mbuzi ndi ziwiya ndizo zida zimene maiyo adzalerera nazo ana a mbale wathu. Wozitenga walanda khasu m'dzanja la wolima. Abale a malemu amene afuna kuonetsa cikondi cao amlimire ndime imodzi, kapena amuonjezere pa mpamba wace.

7. Zoti ticite mwezi uno

Tisadikire bungwe lakunja kapena ngongole ya Boma kuti tiyambe. Mbeu ikatha m'nyumba, mlimi apempha kambale kamodzi kwa mbale wace, nabzala, nabweza atakolola. Momwemonso banja ligulitse nkhuku ziwiri kapena thumba limodzi la soya, lipereke ndaramayo kwa mai, ndi kunena pamaso pa ana kuti uwu ndi mpamba, suyenera kukhudzidwa. Pang'ono pang'ono ndi mtolo. Ikakwana miyezi itatu akhalenso pansi ndi kope lija, naone ngati mbeu yamera.

Mafunso okambirana

Owerenga awerengere anzao osadziwa kuwerenga, amuna ndi akazi ali pamodzi, nayankhe mafunso awa:

1. Kodi mpamba usiyana bwanji ndi phindu? M'nyumba mwathu, ndani adziwa ciwerengo ca mpamba wa amai?
2. M'citsanzo ca matimati cija, ndani anagwetsa malonda? Akadacita ciani bambo pamene mlamu anadza kudzabwereka?
3. Cifukwa ninji sitiyenera kuwaza madzi pa mtedza pouswa? Nanga banja lingathandize bwanji kuti madziwo asafunike?
4. Ndi nchito iti ya pakhomo imene bambo kapena mnyamata angaitenge tsiku la msika, kuyambira mlungu uno?
5. Kodi m'mudzi mwathu muli mtsikana amene analeka sukulu caka ca mliri, kapena mai wamasiye amene analandidwa zida zace? Atsibweni, ankhoswe ndi a mfumu angacitepo ciani?

Mwezi wa mawa tidzaphunzira za kasungidwe ka mtedza ndi soya, kuti tisagulitse zonse pa mtengo wotsika wa nthawi yokolola. Tsalani bwino nonse.